JENERETA YA PAULENDO: WERENGANI KAYE MUSANAGULE

Aliyense amene anagonapo pamaliro kumudzi m'zaka zapitazi adzakumbukira zimene tifuna kunenazi. Dzuwa likangolowa, anyamata amabwera ndi kajenereta kobwereka kwa mwini golosale, nakoka chingwe chake kawiri katatu mpaka kalira. Mababu atatu amayaka pamsasa, zokuzira mawu zimadzuka, ndipo akwaya amayamba kutonthoza anamfedwa. Usiku ukakula, mayi wina wachifundo, poona kuti azibambo akunjenjemera ndi mphepo, amatenga ketulo yamagetsi imene anabwera nayo kuchokera ku Kapata nailumikiza kuti awaphikire tiyi. Pomwepo kajenereta kaja kamabuula ngati ng'ombe yolemedwa ndi ngolo pachitunda, mababu amafiira, kenaka mdima uti bii. Anthu amayamba kunyoza makinawo pamodzi ndi amene anawagula. Koma kunena zoona makinawo alibe mlandu. Anapangidwa kuti asenze kamtolo ka mwana, ife tinawasenzetsa thumba la chimanga.

Kale jenereta tinkaiona kuchipatala, kumishoni ndi kumafamu akuluakulu basi. Zinthu zinasintha chifukwa cha mvula. Mbali yaikulu ya magetsi a dziko lathu imachokera ku madzi, ndipo madzi akachepa m'nyanja ya Kariba, mdima umafika mpaka ku Mchini ndi ku Nabvutika. Tinaziona mu 2015, tinazionanso mu 2019, koma chaka cha 2024 chinaposa zonse. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija chinali tsoka la dziko lonse. Pofika mu Seputembala, mwa makina 6 opukusa magetsi ku Kariba mbali yathu ino, amodzi okha ndiwo ankayenda, ndipo mabanja ambiri ankaona magetsi kwa maola atatu patsiku, ena osawaona ngakhale tsiku lathunthu. Anthu anathamangira kumasitolo. Ambiri anagula mwaphuma, poyang'ana utoto wowala ndi nambala yaikulu yolembedwa pa thanki. Lero ena mwa majenereta amenewo ali m'makona a nyumba, akuikapo mabeseni.

Nkhani ino siikunena za jenereta yaikulu yoyendetsa chigayo kapena nyumba yonse. Ikunena za ija yaing'ono imene munthu amainyamula naiika m'galimoto popita kokagona kunja: ku Mtenguleni pa Nc'wala kumapeto kwa Febuluwale, ku Mkaika pa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti, kumsonkhano wa achinyamata kapena wa makwaya ku nthambi za parishi kumene mawaya a ZESCO sanafike, kumaliro, ngakhalenso ku Mfuwe kwa banja limene lasunga ndalama kuti ana akaone njovu ndi maso awo.

Alendo a makalavani ndi ife

Amene amayenda pamsewu wa ku Mfuwe m'miyezi yachilimwe amakumana ndi magalimoto a manambala a ku South Africa akukoka ngolo zogonamo, zija amazitcha makalavani. M'kati mwake muli bedi, fuliji, madzi ndi pophikira. Alendowa akupita ku South Luangwa, malo osungirako nyama amene anakhazikitsidwa kukhala paki mu 1972, ndipo amagona m'mphepete mwa Luangwa, kumene mvuu zimadya udzu pafupi ndi matenti usiku. Funso limene iwo amadzifunsa asananyamuke kwawo ndi lomwelo limene tcheyamani wa kwaya ayenera kudzifunsa: kodi ndi makina otani amene ndingathe kuwanyamula, amene angayatse zimene ndili nazo, osandiphera zipangizo, osandidanitsa ndi anzanga, ndiponso osandipha?

Pali chenjezo limodzi pano kwa achinyamata athu amene amafunsa zonse pa intaneti. Malangizo ambiri onena za majenereta a makalavani analembedwa ku America, kumene magetsi a m'nyumba ndi a ma volts 120 ndipo amagunda ka 60 pa sekondi. Athu kuno ndi a ma volts 230 ndipo amagunda ka 50. A ku Japan ndi a ma volts 100. Tsono mbale wanu wa kunja akakulonjezani kuti akutumizirani jenereta, mufunseni kaye manambala awiriwa, pakuti makina a ma volts 120 sadzayendetsa fuliji yanu, ngakhale dzina lake likhale lotchuka bwanji. Komanso a ku America amalimbikitsa makina a ma watts 3,000 kapena kuposa chifukwa makalavani awo ali ndi zoziziritsira mpweya. Inu mulibe zimenezo. Musagule katundu wa ulendo wa mwini.

Tengani pensulo

Ntchito yoyamba sichitikira kusitolo ayi, imachitikira patebulo kunyumba. Chipangizo chilichonse cha magetsi chili ndi kachikwangwani kumbuyo kapena kunsi, ndipo pamenepo pali nambala yotsatana ndi chilembo W. Nambalayo ikunena kuchuluka kwa mphamvu imene chipangizocho chimadya. Lembani zonse zimene mufuna kuti ziziyaka nthawi imodzi, muphatikize.

Tiyerekeze gulu limene likupita kokagona masiku atatu. Mababu 6 a LED, lililonse la ma watts 10, ndi 60. Mafoni 10 akutchajidwa, tinene 100. Wailesi yakanema ndi dikoda yake, 100. Ampulifaya ndi masipika, 300. Kafuliji kosungiramo ndiwo ndi mankhwala a agogo odwala shuga, 150. Zonse pamodzi ndi ma watts 710.

Wina anganene kuti basi, kajenereta kaja kolembedwa 950 kakwanira. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna, ndipo mbuna zake zilipo zitatu.

Yoyamba ndi yakuti chilichonse chokhala ndi mota m'kati, monga fuliji kapena pampu ya madzi, chimafuna mphamvu yochuluka katatu kapena kanayi pa kamphindi kamene chikudzuka. Zili ngati njinga yonyamula makala: poyamba kupalasa m'pamene miyendo imawawa, ikagwira liwiro imapepuka. Fuliji ya 150 itha kufuna 600 podzuka, ndipo imadzuka kambirimbiri usiku wonse. Choncho 710 ija yakwera kale kufika pa 1,160.

Yachiwiri ndi yakuti nambala yaikulu yolembedwa pa thanki si mphamvu imene makinawo angapereke usiku wonse. Opanga amalemba manambala awiri. Imodzi ndi ya mphamvu imene makina angafikepo kwa kanthawi kochepa, ina, yotsatana ndi mawu akuti rated, ndi ya mphamvu imene angaipirire kwa maola. Yachiwiriyi ndiyo yanu, ndipo kawirikawiri imabisala pa kachitsulo kakang'ono m'mbali. Timajenereta tambiri tolembedwa 950 mphamvu yake yeniyeni ili cha pa 650. Ogulitsa ena amatchula mphamvu mu kVA. Pamenepo nzeru ndi kuchotsapo gawo limodzi mwa magawo asanu, kotero kuti 2.5 kVA muziiwerenga ngati ma watts 2,000. Makolo anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tembenuzani makinawo muwerenge kachitsuloko.

Yachitatu ambiri saidziwa n'komwe. Injini imapuma mpweya monga munthu, ndipo kumapiri mpweya umapepuka. Opanga amati injini yaing'ono imataya pafupifupi magawo atatu mwa 100 a mphamvu yake pa mamita 300 alionse amene mwakwera kuchokera pa nyanja yamchere. Chipata ali pamwamba kupitirira mamita 1,000. Ndiye kuti makina alionse amene mwagula ku Down Shops ataya kale gawo limodzi mwa magawo khumi musanafike nawo kunyumba. Ku Mfuwe, kuchigwa, malo ndi otsika, koma kutentha kwa mu Okutobala, kumene kumafika pa madigiri 40, nakonso kumafooketsa injini.

Mukaphatikiza zonsezi, gulu lathu lija lifunika makina amene mphamvu yake yopirira ili pakati pa ma watts 1,500 ndi 1,800. Nanga ketulo ija? Ketulo yamagetsi payokha imadya cha pa 2,000, kuposa mababu, mafoni, masipika ndi fuliji zonse pamodzi. Nsimbi ndi chitofu chamagetsi zili m'gulu lomwelo. Chilichonse chimene ntchito yake ndi kutentha, chisiyeni kunyumba. Tiyi aphikidwe pa nkhuni monga kale.

Mitundu itatu

Kotchipa kuposa onse ndi kaja kamene petulo wake amasakaniza ndi oyilo, nthawi zambiri mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo. Ku Nigeria anakapatsa dzina lotanthauza kuti "ndaposa mnansi wanga," chifukwa mwini wake amakhala m'kuwala pamene mnzake ali mumdima akupuma utsi wake. Kamapepuka, mwana wa sukulu atha kukanyamula, ndipo pa mababu ndi wailesi kamathandiza ndithu. Koma kamafuka, kamasokosa, sikakhalitsa, ndipo tsiku limene wina adzaiwale oyilo uja, injini idzauma pomwepo. Magetsi akenso amakwera ndi kutsika mosadziletsa. Ine sindingalumikizeko kompyuta kapena ampulifaya ya parishi.

Mtundu wachiwiri ndi uja wokhala m'chimango cha mapaipi, umene timauona pakhomo pa ometa tsitsi ndi owotcherera zitsulo. Oyilo wake ali payekha, petulo payekha. Ndi wolimba, amakaniko athu amaudziwa, ndipo zipangizo zake zimapezeka. Vuto lake ndi lakuti kuti upereke magetsi ogunda ka 50 pa sekondi, injini iyenera kuzungulira ka 3,000 pa mphindi nthawi zonse, kaya mwayatsa babu limodzi kaya mwayatsa zonse. Motero umakuwa usiku wonse ndipo umamwabe mafuta ambiri ngakhale katundu achepe. Wa 2.5 kVA umalemera makilogalamu 40 kapena kuposa, moti pafunika amuna awiri pokweza m'galimoto. Ngati mwasankha umenewu, onetsetsani kuti palembedwa AVR, kachipangizo kamene kamagwira magetsi kuti asamalumphelumphe.

Wachitatu ndi wa inverter, wotsekedwa m'chibokosi cha pulasitiki chokhala ndi chogwirira ngati sutikesi. Umenewu ndiwo alendo a makalavani amakonda. Injini yake imathamanga molingana ndi katundu amene mwaipatsa: akachepa imayenda pang'onopang'ono, akachuluka imaonjeza. Magetsi ake ndi osalala, oyenera mafoni ndi makompyuta. Chitsanzo chodziwika ndi Honda EU22i, imene imalemera makilogalamu 21, imapirira ma watts 1,800, ndipo thanki yake ya malita 3.6 imatha pa maola atatu ikasenza katundu yense, koma imafika maola 8 ikasenza gawo limodzi mwa anayi. Mtengo wake ndi woluma, kangapo kuposa wa chimango wa mphamvu yofanana, ndipo mbali yake ya magetsi ikapsa si makaniko aliyense wa pansi pa mtengo angaikonze. Koma amene adzaigwiritsa ntchito kawirikawiri awerengere mafuta. Kuyambira mu 2022 bungwe la ERB linayamba kuunika mtengo wa mafuta mwezi ndi mwezi, ndipo tonse tinaphunzira kuti mtengo wa makina umalipidwa kamodzi pamene wa petulo umalipidwa usiku uliwonse.

Za phokoso tisazichepetse. Munthu amene wayenda ulendo wautali kuti akamve mvuu zikulira mu Luangwa sadzakondwa kumva injini yanu mpaka m'bandakucha, ndipo malo ambiri ogonapo alendo ali ndi malamulo ake pa nkhaniyi, funsani musananyamuke. Pamsonkhano wa mapemphero napo, tonse tinamvapo ulaliki umene theka lake linamezedwa ndi jenereta. Phokoso amaliyeza mu dB. Wa inverter uli pakati pa 50 ndi 60, monga anthu akucheza; wa chimango umafika pa 70 kapena kupitirira. Kusiyanaku kumaoneka kochepa papepala, koma khutu limamva phokoso kuwirikiza kawiri pa 10 aliyense woonjezera.

Posankha sitolo, safunsa anadya phula. Auzeni ailize muli pomwepo, mulumikizeko chinthu cholemera monga nsimbi, mumve ngati ikupirira. Funsani ngati pulagi, kabyuleta, chingwe chokokera ndi AVR zimapezeka m'Chipata muno kapena mpaka ku Lusaka. Tengani lisiti lolembedwa bwino. Mayina otchuka amaberedwa kwambiri, ndipo dzina likasiyana ndi lenileni pa chilembo chimodzi chokha, dziwani kuti si ngozi ya wolemba.

Mpweya wosanunkha

Tsopano tafika pa chimene chatichititsa kulemba nkhaniyi. Kulakwitsa pa zonse tanenazi kumangotayitsa ndalama. Kulakwitsa pa ichi kumatayitsa anthu.

Chaka ndi chaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi timamva za mabanja amene analowetsa mbaula m'nyumba, natseka zitseko ndi mazenera, osadzukanso. Chimene chimawapha ndi mpweya wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa ka 200 poyerekeza ndi mpweya wabwino, kotero kuti munthu amabanika akupuma. Mpweya womwewo ndi umene umatuluka kupaipi ya jenereta, ndipo umatuluka wochuluka kwambiri kuposa wa mbaula. M'tenti, m'kalavani, m'kalasi kapena m'chipinda chotseka, utha kupha anthu m'mphindi zochepa, ndipo ogona ndiwo amapita osadziwa kanthu.

Palibe amene amalowetsa jenereta m'nyumba chifukwa cha uchitsiru. Amatero pa zifukwa zomveka. Ku Mtenguleni mu Febuluwale ndi nthawi ya mvula, ndipo mwini makina safuna kuti anyowe. Kumsonkhano kumene kwadzaza anthu osawadziwa amaopa akuba. Ena amafuna kubisa phokoso kuti anzawo agone. Ndiye amaikankhira pakhonde la tenti, kapena pakhomo pa kalasi imene amayi agonamo, kapena kunsi kwa lole, n'kunena kuti zenera lili lotsegula. Zenera lotsegula silikwanira. Akatswiri a zaumoyo amati jenereta ikhale panja penipeni, mamita 6 kapena kuposa kuchokera pamene pali anthu, paipi yake italoza kumbali, kutali ndi zitseko ndi mazenera. Mamita 6 ndi mapazi aakulu asanu ndi atatu a munthu wamkulu; yendani muwerenge. Onaninso kumene mphepo ikuchokera.

Mavuto atatu aja ali ndi mayankho ake, ndipo onse ndi otchipa kuposa bokosi la maliro. Za akuba, gulani unyolo ndi loko mumangirire makinawo kumtengo. Za mvula, dzikani mitengo inayi muikepo lata pamwamba, m'mbali monse mukhale motsegula, ndipo makinawo akhale pa njerwa kapena pa thabwa louma. Za phokoso, chingwe chachitali ndicho mankhwala. Chikhale chokhuthala, cha 2.5 mm, chopanda mfundo zomangidwa ndi mapepala a pulasitiki, ndipo ngati n'chokulunga pa gudumu muchitambasule chonse, chifukwa chokulungidwa chimatentha. Ndalama ya unyolo, chingwe ndi lata muiwerengere pamodzi ndi mtengo wa jenereta tsiku lomwelo. Amene angathe agulenso kabelu ka batire kolira kakamva mpweyawu. Apaulendo ambiri odziwa bwino za makalavani sagona popanda kameneka.

Zizindikiro zake zimanyenga chifukwa zimafanana ndi malungo: mutu kuwawa, chizungulire, nseru, kufooka, maganizo kusokonezeka. Koma malungo sagwira anthu asanu ola limodzi. Mukaona anthu angapo ogona malo amodzi akudandaula mutu nthawi imodzi jenereta ikulira pafupi, musayambe kufunafuna panado. Atulutseni panja msanga, zimitsani makina, ndipo muwatengere kuchipatala, kaya ku Chipata Central, ku Mwami, ku St Francis ku Katete kapena ku Kamoto ngati muli kuchigwa, mukanene mosabisa kuti apuma utsi wa injini. Mankhwala ake ndi oxygen. Mkaka umene ena amamwetsa odwala otere suchotsa poizoni m'magazi, ndipo munthu wokomoka atha kutsamwa nawo. Amayi oyembekezera, ana ndi okalamba apite ngakhale ataoneka kuti atsitsimuka.

Moto nawo uli pafupi. Mu Ogasiti ku Mkaika udzu umakhala wouma ndipo mphepo imawomba; lambulani malo oikapo makina. Musathire petulo injini ikulira kapena ikadali yotentha, ndipo musaunikire ndi kandulo pothira. Chigubu cha mafuta chisagone m'tenti.

Mukabwerako kuulendo, padzakhala chiyeso china tsiku limene magetsi adzazime kunyumba: kulowetsa chingwe cha jenereta mu soketi ya pakhoma kuti nyumba yonse iwale. Musayese. Magetsi amenewo amabwerera m'mawaya a panja, ndipo atha kupha wantchito wa ZESCO amene ali pamtengo akukhulupirira kuti waya ndi wozima. Magetsi akabwera mwadzidzidzi jenereta nayo imapsa. Ofuna kutero aitane katswiri wovomerezeka awaikire swichi yosinthira.

Kodi ndi yofunikadi?

Funso ili likanayenera kubwera poyamba, koma anthu salimva asanaone mitengo. Ngati pamndandanda wanu uja pali mababu, mafoni ndi wailesi zokha, simufunika injini. Sola imodzi ndi batire zidzakuchitirani zonsezi mwakachetechete, popanda petulo ndi popanda utsi, ndipo dzuwa kuno kum'mawa si la kusowa. Jenereta imayamba kukhala ndi phindu pamene pali fuliji, masipika a khamu lalikulu, pampu, kapena masiku a mitambo otsatizana.

Ndipo popeza ulendo wotere umachitika kawiri kapena katatu pachaka, magulu ambiri amasonkherana n'kugula imodzi. Nzeru imeneyi ndi yabwino, malinga pakhale munthu mmodzi woisunga ndi kope limodzi loyenda nayo. M'kopemo muzilembedwa amene watenga, maola amene yalira ndi tsiku limene oyilo anasinthidwa. Makina atsopano amafuna oyilo watsopano akangokwanitsa maola 20 oyamba, ndipo kuchokera apo pa maola 50 mpaka 100 alionse monga buku lake linenera. Kufumbi la mu Ogasiti sefa ya mpweya itsukidwe pobwera. Petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu mumupewe ngati mungathe, pakuti simudziwa chimene chasakanizidwamo. Petulo akagona m'makina miyezi iwiri kapena itatu amasanduka phula lotseka kabyuleta, n'chifukwa chake jenereta imene inalira bwino pa Kulamba imakana kudzuka pa Khirisimasi. Poisunga, tsekani kampopi ka mafuta, muisiye ilire mpaka izime yokha, ndipo wosunga kope aziitulutsa panja kamodzi pamwezi n'kuiliza kwa mphindi 15, babu limodzi kapena awiri atalumikizidwa.